Mbali Imene Maere Anandipatsa

Loweruka, 9 Meyi 1931

Maere andigwera moipa.

Mwambo wa tauni yathu ndi wakuti pa mtsutso wa pabwalo wa chikondwerero cha San Isidro munthu sadzisankhira mbali. Timapepala tiwiri timaponyedwa m'chipewa pamaso pa chifanizo cha woyerayo, ndipo chimene dzanja latola ndicho pakamwa padzanene. Funso la chaka chino: kodi Aamereka atisiye tidzilamulire tsopano, kapena tidikire? Leoncio wometa tsitsi, amene anthu amati Onsyo, yemwe ndinamuphunzitsa ndekha zaka zinayi osaphula kanthu, watola "tsopano". Ine Eustaquio Dimaculangan, amene ndinkanyamula makalata a ankhondo athu m'mapiri pamene Aamereka ankatentha nkhokwe za mpunga, ndatola "tidikire".

Onsyo anaseka mpaka mano a kumapeto kuonekera. "Aphunzitsi, konzekani! Lachisanu ndikumetani popanda madzi." Ndinatembenukira ku chifanizo. Pamaso pa woyera sipochitira nthabwala.

Chimene chikundidetsa nkhawa si manyazi anga ayi. Mtsutso ukadzatha, komiti idzaika thebulo pansi pa mtengo wa mango kuti anthu asaine kalata yopempha ufulu, imene inyamuke kupita ku Manila Lolemba pa 18. Anthu a kuno ndimawadziwa: amasaina motsatira amene wawombedwera m'manja kwambiri.

Lamulungu, 10 Meyi

Itatha Misa ndinapempha mkulu wa tauni kuti tisinthane mbali ndi Onsyo. Anakana. "Maere a woyera sabwezedwa, kumpare mnzanga. Chaka chija tinabweza, dzombe linatha mpunga wonse." Ndinamukumbutsa mwaulemu kuti dzombe silimvetsera mitsutso. Anati, "Inu munalifunsa?" Munthu ameneyu ndiye amasunga chidindo cha tauni.

Kunyumba mkazi wanga Tensya sanaonepo vuto. "Mungolankhula zopanda mutu basi. Tsokomolani, iwalani mawu pakati. Anthu angoti wakalamba, ndipo sakhala akunama."

Ndinamufotokozera zimene anatiphunzitsa wansembe wa ku seminale, amene anatipatsa luso la kulankhula ndi ndodo m'manja: kuti wofooketsa dala mbali imene wapatsidwa anama kawiri, kwa omvera ndi kwa mnzake wotsutsana naye, pakuti ampatsa chipambano chabodza.

"Wansembe wanuyo anafa kalekale," anatero T., "ndipo sakhala nawo pabwalo."

Lachiwiri, 12 Meyi

Ndalemba mawu anga. Tsoka lake, atuluka bwino.

Zigawo zonse zisanu zili m'malo mwake: khomo, nkhani, maumboni, kutsutsa, chitseko. Maumboni ndi atatu. Woyamba, kokonati wathu wouma amagulidwa ku Amereka popanda msonkho. Aamereka akachoka, chitseko chimenecho chitsekeka. Wachiwiri, kumpoto kuli dziko la zombo zankhondo zambiri, ife tili ndi mabwato a asodzi. Awiri amenewa aliyense wowerenga nyuzi akuwadziwa.

Wachitatu sindinautenge m'nyuzi. Aamereka akachoka, mpando sudzakhala wopanda munthu. Adzakhalapo ndani? Don Severo ndi anzake, eni minda yonse ya kokonati kuyambira kumtsinje mpaka kuphiri. Lero akamulanda mlimi munda, pali kwina kokadandaula, ngakhale kuli kutali ndipo samva msanga. Mawa woweruza adzakhala mphwake wa Don Severo.

Katatu ndinaviika cholembera kuti ndiufufute umboni umenewu. Ndi woona. Ndausiya.

Lachitatu, 13 Meyi

Ndaphwanya mwambo. Ndinapita kometera kwa Onsyo ndi masamba anayi: maumboni anga onse, ndi mayankho amene ndinatha kupeza pansi pake, zolembedwa ndi zilembo zazikulu monga ndinkamulembera ali mwana.

Ndinampeza akumeta munthu, ndipo sanaleke n'komwe.

"Leoncio, werenga izi usiku uno ndi mawa. Loweza pamtima."

"Aa, aphunzitsi, mwayamba kuopa?"

"Ndikuopa, inde. Ndikuopa kuti ndikupambana."

"Anthu safuna mfundo, aphunzitsi, amafuna kulira. Ine ndikangoti, 'Mayi wathu dziko ali mu unyolo!' amayi onse mipango kumaso. Mwaonapo munthu akulirira umboni wachiwiri?"

"Nanga akakufunsa za kokonati?"

"Ndikweza mawu."

Wometedwa uja anaseka mpaka thovu kugwera pamalaya. Potuluka ndinacheuka. Onsyo anali kupukutira lumo pa tsamba lachitatu.

Zaka makumi atatu ndakhala ndikunena kuti mlandu wa dziko lathu ndi wolungama ndipo suyenera kupemphedwa ndi misozi ngati wopemphetsa pakhomo la tchalitchi. Uyenera kuimikidwa ndi zifukwa, kuti ngakhale mdani akamva asowe pogwira. Ndiye maere aupereka kwa uyu.

Lachinayi, 14 Meyi

Nyumba zonse zapachikidwa ngala za mpunga ndi zipatso. T. wasita jekete yoyera. Sindinadye.

Lachisanu, 15 Meyi

Ndapambana. Mulungu andikhululukire.

Mtsutso unayamba dzuwa litapendeka, njati zoweta zolimira, zokongoletsedwa, zitadutsa kale. Onsyo ndiye anayamba. Unyolo, misozi ya mayi, magazi a makolo. Anadziguguda pachifuwa, anagwada, anadzuka, anagwadanso. Amayi analiradi. Ndinayamba kuyembekeza kuti mwina chitsiru chinali ine.

Kenaka ndinaima. Sindinakweze mawu. Pa umboni woyamba anthu analeka kutafuna. Pa wachiwiri ogulitsa makeke a mpunga anakhala chete. Pa wachitatu sindinatchule dzina la munthu, koma alimi oima kumbuyo onse anatembenuzira maso ku mpando wakutsogolo, kumene D.S. anakhala akugwedeza mutu mokondwa, pakuti iye anangomva mawu amodzi okha akuti "tidikire".

Onsyo poyankha anabwereza unyolo uja, mokweza kuposa poyamba. Wina kumbuyo anakuwa, "Za unyolo tamva, Onsyo! Nanga kokonati?" Bwalo lonse linaseka. Anayang'ana kwa ine ngati mwana amene waiwala phunziro. Yankho linali pa tsamba loyamba.

Anandiveka nkhata ya maluwa. Pathebulo la komiti, m'tauni ya anthu zikwi zitatu, pofika madzulo panali mayina makumi awiri ndi atatu, limodzi mwa iwo langa.

Ndiyenera kulemba choona, pakuti buku ili silionedwa ndi wina. Pamene bwalo linati zii pa umboni wachitatu, mtima wanga unakondwa. Unakondwa ndithu, ngati wa mnyamata.

Loweruka, 16 Meyi

D.S. wabwera yekha pakhomo, ndi wantchito atanyamula kamwana ka nkhumba kowotcha. Akufuna mawu anga awatumize ku nyuzi ina ya Chingerezi ku Manila. "Aone kuti ngakhale ankhondo akale akuti tidikire. Kungoti gawo lachitatu lija, aphunzitsi, linatalika pang'ono. Tingalichotse."

Ndinamuuza kuti mawu a pabwalo la woyera amathera pabwalo pomwepo. Ndinamuperekeza mpaka pachipata monga ulemu ufunira. Nditabwerera ndinalamula kuti nkhumba ibwezedwe. T. anati, "Nkhumba ilibe mlandu," naitsekera m'kabati.

Onsyo anandidutsa pamsika osavula chipewa. Mlembi wa komiti akuti matauni oyandikana nafe atumiza mayina mazanamazana. Ifeyo tidzaoneka ngati tauni imene inakana.

Tsiku lonse ndakhala ndikudzitsutsa ndekha papepala. Masamba khumi ndi limodzi. Umboni woyamba ndaugwetsa, wachiwiri ndaugwedeza. Wachitatu ukundiyang'ana.

Lamulungu, 17 Meyi

Itatha Misa yaikulu ndinaima pambali pa thebulo la komiti ndi kuyamba kuwerenga masamba anga aja. Poyamba anthu anasonkhana. Wina anafunsa, "Lero akulankhula ndi aphunzitsi ati, a Lachisanu kapena a Lamulungu?" Mnzake anati, "Dikira Lachiwiri, kubwera achitatu." Ndinapitiriza. Ndisanamalize khomo, theka linali litapita kukaonera atambala omenyana. Pofika tsamba lachinayi ndinali kuwerengera mlembi wa komiti ndi galu.

Ndiponso munthu mmodzi. Mang Doroy, amene amathyola kokonati m'minda ya D.S. kuphiri, anaima chapatali chipewa chili m'manja.

"Pepani aphunzitsi, ine sukulu sindinapite. Ndingofunsa. Zija munanena Lachisanu, za amene adzakhale pampando, munanama?"

"Sindinaname."

"Ndiye Aamereka akachoka, atikwera pamsana ndi a Don."

"N'kutheka ndithu."

"Nanga mukuti ndidinde chala chifukwa chiyani?"

Ndinasanthula masamba anga. Panalibe. Masamba khumi ndi limodzi, panalibe. Ndinalankhula mawu amene sindinawakonze, m'chilankhulo cha pamsika:

"Doroy, nyumba ya a Don ukuidziwa?"

"Ndinafolera ndine."

"Ukaponya mwala ungafike padenga?"

Anaseka. "Ngakhale ndi dzanja lamanzere."

"Nanga amene amatilamulira kutsidya kwa nyanja, nyumba yake ili kuti? Dzina lako analimvapo? A Don akakulakwira, amadziwa kuti mawa mukumana panjira, ndi kuti muli ambiri kuposa iwo. Winayo sadzakumana nawe mpaka imfa. Sindikukulonjeza mbuye wabwino. Ndikunena mbuye amene mwala wako ungamufike."

Anakanda m'mutu nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ndikaganize," navala chipewa, napita. Sanadinde.

Mayina makumi atatu ndi limodzi. Ndipo ine, wophunzira Chilatini, ndatsika mpaka kukamba za kugenda madenga ngati chidakwa cha kachasu wa kokonati. Mawu opanda khomo, opanda chitseko. T. akuti ndi nthawi yoyamba m'zaka makumi anayi kuti amve zimene ndikunena. Sindinaone chosekesa.

Lolemba, 18 Meyi

Ndikulemba mofulumira, zilembo zikhale mmene zakhaliramo.

Basi yopita ku siteshoni ya sitima imanyamuka 10 koloko. Nthawi ya 8 T. anandidzutsa pampando: "Tulukani, kuli anthu." Ndinatuluka wopanda jekete. Doroy anali pachipata, ndipo kumbuyo kwake msewu wonse unadzaza anthu a kuphiri, matope mpaka m'maondo, ena ana kumsana. Ananyamuka kusanache.

"Ndawauza, aphunzitsi, koma akufuna amve okha. Akuti n'zoona mwalamula kuti tikagende denga la a Don?"

"Sindinalamule zimenezo! Ndinati mwala ungafike. Sindinati uponyedwe!"

"Eya, n'zomwezo," anatero Doroy.

Si zomwezo, koma nthawi yofotokoza kusiyana kwake panalibe. Tinapita ku mtengo wa mango. Sanafune kuti ndilankhule kwa onse pamodzi; aliyense anafuna kufunsa yekha asanadinde, ndipo ndinayankha mmodzimmodzi nditaima padzuwa. Ena atamva anabwerera osadinda. Bambo wina anati mawu a Lachisanu ndiwo anali anzeru, ndipo sindinathe kumutsutsa. Koma mzere sunathe.

Itakwana 10 koloko mlembi anayamba kupinda mapepala, anthu oposa makumi asanu akadali pamzere. Ndinayang'ana ku basi: munalibe woyendetsa. Ndinamuona tsidya la msewu, pampando wa Onsyo, nsalu m'khosi, tsaya limodzi losalala, linalo thovu lokhalokha. Onsyo anali kunola lumo pang'onopang'ono ngati munthu amene alibe kopita.

"Onsyo, nthawi yakwana!" anakuwa woyendetsayo.

"Khala phee, mbale wanga, lumo labuntha. Ukufuna ukafike ku siteshoni ndi ndevu za mbali imodzi?" Kenaka anakweza mawu osandiyang'ana: "Aphunzitsi, musatalikitse khomo!"

Pamzere panafika mayi wina wokalamba kuposa ine, wa ku mapeto a phiri, amene sindimudziwa dzina. Anaviika chala mu inki, nachiimika m'mwamba osadinda.

"Inu ndinu ophunzira. Mukutsimikiza kuti tikadzilamulira tidzakhala bwino?"

Mlembi anandikodola ndi maso kuti ndivomere.

"Ayi, mayi. Sinditsimikiza."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Chabwino. Mukanati inde, ndikanapukutira pa malaya anuwo."

Anadinda, nakankha wa kumbuyo kwake kuti asendere.