Chikwatu cha amayi

Lachinayi, ku komboni ya Chawama. Mtima wakhala pansi tsopano, koma masana ndimaona ngati tigona panja.

Pochokera kumsika ndapeza ba Mulenga, eni nyumba, ataima pakhomo panga ndi azimayi awiri a kutchalitchi kwawo. Akuti dzulo anasuzumira pawindo n'kuona chikwatu chimene amayi ananditumizira kuchokera kwathu kumapiri a Mphangwe, chili lende kudenga, chokulungidwa ndi masamba a msuku, luzi lili zinge.

"Ba Tisa, vamankhwala pa nyumba yanga sinifuna. Mwana wanga adwala wiki yonse. Longani katundu."

Ndinapsa mtima. Munthu wobadwira m'tauni, ndiwo amangodziwa zogula pa kantemba! Koma ndinaugwira mtima, nanga chipinda china ndikachipeza kuti? Ndinakwera pampando, n'kuchitsitsa, n'kudula luzi iwo akuona. Azimayi aja anafutukira m'mbuyo, wina atayamba kale kupemphera.

Munali mfutso wa khwanya wokhawokha, umene amayi anathyola m'munda wa m'tsinde mwa phiri n'kuyanika pathanthwe. Fungo la kwathu linadzaza chipinda.

Wopemphera uja anaseka mpaka kugwira khoma. "Ni ndiyo chabe!" Ba Mulenga anangoti zyoli.

Ndaphika wotendera, ndawapatsako ba Mulenga. Mbale yabwerera yotsukatsuka, ndi funso loti kaya kumudzi kwatsala china.

Sitisamuka. Koma chikwatu chamasulidwa, ndipo ine kumanga sindinaphunzire. Amayi nawo manja ayamba kunjenjemera ndi ukalamba. Chaka chamawa, kaya ndani...