Kanyale ka a Saulosi

Lolemba, 4 Juni 1956
Fyuzi yapsanso. Pikapu iyi tinagula awiri, ine ndi akulu anga a Saulosi, koma ikavuta imakhala yanga ndekha. Iwo ndi oyendetsa, anaphunzirira ku Joni. Ine ntchito yanga ndi kukwawa pansi pake, poti ndinagwirako pa galaja ku Lilongwe. Lero abwera nayo kuchokera ku Nsaru hutala yosalira. Kiyi kundiponyera, iwo okasamba.

Lachiwiri, 5 Juni
Tsiku lonse chagada pansi pa chiwongolero, khosi kuwawa. Ndalipeza vuto. Ndi kanyale kam'kati, kakudenga kaja. Waya wake umadutsa kuseri kwa mpando, ndiye wasupuka. Galimoto ikamadumpha m'mabampu umagunda chitsulo, fyuzi n'kupsa. Ndauzula, ndaukulunga mphira. Watsopano mpaka wina atapita ku Lilongwe.

A S. akwiya. Akuti galimoto yopanda nyale m'kati ndi ngolo. Ngolo! Ngati sindidziwa kuti amakayatsa madzulo pa Nsaru kuti anthu aone chipewa chawo ndi tayi.

Lachinayi, 7 Juni
Aulumikizanso waya uja ine ndili kudimba. Fyuzi itapsa, aikulunga kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu n'kuibwezera. Ndawauza bwinobwino kuti fyuzi imapsa dala kuti galimoto isapse, ndipo akaitsekera choncho wotentha ndi waya. Aseka pamaso pa akazi athu. "Mathias, iwe pa galaja paja unkasesa. Ine ndayendetsa galimoto ku Joni."

Ndachotsa kapepalako, waya ndauzulanso. Akadakhala mng'ono wanga, kaya.

Loweruka, 9 Juni
Ndikulemba kuti ndisapite kwawo ndi chikwanje.

Mkazi wanga Natalia anakwera nawo m'mawa kupita ndi khanda lathu Filisi kuchipatala cha mishoni, chifuwa chija. Abwerera masana pa ngolo ya eni, nkhope zili bii ndi utsi. A S. anabwezeranso waya ndi kapepala kawo! Natalia akuti atangodutsa pa mlatho anamva fungo la mphira, kenako utsi unatuluka kuseri kwa mpando, pomwe panali mutu wa mwana. Chitseko cha mbali yake sichitseguka ndi m'kati. Akuti a S. anaimitsa, anamukokera kunja iye ndi mwana kudzera mbali yawo, kenako anapisa dzanja kuseri kwa mpando n'kuuzula waya uli psuu.

Natalia akuti ndiwathokoze. Ndiwathokoze chiyani? Moto anayatsa ndani? Mwana akutsokomola kuposa m'mawa.

Lamulungu, 10 Juni
Kutchalitchi sindinapite. Takoka galimoto ndi ng'ombe mpaka pakhomo. Batire ndachotsa, ili pansi pa bedi langa. A S. sanaoneke.

Lolemba, 11 Juni
Kanyale kaja ndakazula ndi mawaya ake omwe, ndakaponya m'chimbudzi. Zina zonse ziziyaka pa fyuzi imodzi imene yatsala. Filisi wayamwa bwino lero. Mawa ndi msika wa fodya ku Nambuma, ndipo fodya wathu ndi wa anthu ena amene tinawalonjeza kuwanyamulira ali mbwee pakhonde. Woyendetsa palibe. Ine kukawapempha, ayi.

Lachiwiri, 12 Juni
A S. abwera okha m'mamawa, opanda chipewa. Dzanja lamanja lokulungidwa nsanza, zala zotupa ngati chinangwa. Mawu onse amene ndinakonza usiku ndinawanenabe, ndipo iwo anangoima n'kumamva. Nditatha anafunsa za mwana. Kenako anayang'ana pabowo pamene panali kanyale, n'kukakhala mbali ya wokwera.

"Bwezera batire," anatero. "Dzanjali silingagwire chiwongolero. Ukhale apo iwe."

Ndinati achimwene, ine sindinayendetsepo kupitirira pabwalo la galaja. Anati akudziwa.

Yandizimira katatu tisanatuluke m'mudzi, ana akuseka. Pa chitunda cha ku Kabudula inayamba kubwerera m'mbuyo, fodya yense pamsana, ndipo a S. anakoka buleki ndi dzanja lamanzere, osakalipa. Tafika ku Nambuma dzuwa lili pamutu, malaya anga ali chonyowa. Ukali sunandithere. Pobwerera anagona tulo, mutu atatsamira chitseko, ine ndikuyendetsa.