Mtsuko Wodontha wa Amayi

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo lija likuvutabe? Ine kuno ndili bwino, kungoti fumbi landipatsa kachifuwa.

Uthenga wanu ndaumva, woti alamu akufuna kutaya mtsuko wa malemu amayi poti ukudontha ndipo mwagula ndowa zapulasitiki. Nkhani imeneyi ndi imene yandigwiritsa cholembera, ine amene mumati ndili ndi dzanja laulesi.

Ntchito ya msewu yayamba yaima. Titangopala dothi la pamwamba, akatswiri ofukula zakale anatiletsa, akuti pamenepo panali mudzi wa anthu akalekale. Katapila wanga wangokhala, ndiye abwana anati m'malo mowodzera pamthunzi ndizikathandiza kusefa dothi. Mukanandiona mukanaseka mpaka nthiti kuwawa. Munthu wozolowera kugumula chulu kamodzi n'kamodzi, lero akukumba ndi kasupuni ndi kaburashi.

Tapeza mafuwa atatu ali chikhalire, makala, ndi mapale ambirimbiri. Dzana m'sefa mwanga munatsalira phale lokhala ndi chidindo cha chala cha munthu wamkulu, pambali pake kachala ka mwana. Ndinafunsa mayi amene akutsogolera ntchitoyi ngati angadziwe eni ake. Anati zaka angathe kuziyeza, ngakhale zimene zinkaphikidwamo, koma mayina ayi.

Achemwali, misozi inalengeza. Ndinakumbuka amayi akuumba kuseri kwa khitchini, inu mukuponda dongo, ine ndikungosokoneza. Ankandiopseza ndi kamtengo kamene sikanandikhudzepo. Ndawasowa kwambiri. Anzanga ndinawauza kuti ndi fumbi landilowa m'maso, koma palibe anakhulupirira.

Mapale akatswiri aja akuti apita nawo kosungira zakale, mafuwa awasiya pompo. Akamaliza kujambula, wokwirira ndine ndemwe, kenako phula pamwamba. Kukana sindingakane, ana adya chiyani?

Ndiye pempho langa ndi limodzi: mtsukowo musataye, madzi akatayika sawoleka. Ngati ukudya malo, uikeni pansi pa bedi kapena muzisungiramo nyemba, ndidzautenga pa tchuthi. Alamu akafunsa kuti chimtsuko chodontha n'chantchito yanji, apatseni apapase m'munsi mwa khosi lake. Pali timaenje tiwiri. Tsiku limene amayi ankauumba ndinabaya ndi chala dongo lidakali laliwisi. Inu munathamanga kukandinenera. Amayi m'malo mofafaniza anadinda chawo pambali, n'kunena kuti, "Basi, taumba tonse." Kwina konse amayi anandisiya, koma pamenepo tikadali limodzi.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze mwaulemu, asaone ngati ndikuwalamula pakhomo pawo. Moni kwa malume, azakhali ndi adzukulu anga onse.

Tsalani bwino,
Ine mlongo wanu wachitsiriza,
uja mumamutcha Kamatope