Ndinaflasha a Kampani

Lolemba, 20 Novembala
Mvula yagwa, Nsaru yense ikufuna mbewu. Ndagulitsa mpaka mkono kutupa. Ine Chafukira, wogulitsa mbewu wotchuka kuyambira pano mpaka ku Mchinji!

Anaimba mtsikana wa ku kampani imene inatiikira pulogalamu pa kompyuta, ija yotulutsa malisiti. Dzina lake Dorika. Akuti chaka chaulere chatha, ndizilipira pamwezi kuti ikavuta azindithandiza. Ndati mayi, kompyuta imeneyi ikandiona imachita kugwada, thandizo lachiyani? Anaseka. Musitolo muno munthu sanasekemo chipitireni mwana wanga Dominic ku Joni.

Lachitatu, 22 Novembala
Kompyuta ija yagwada zoona. Kabokosi kofiira, Chingerezi chokhachokha. A kalabu ya alimi sagula popanda lisiti ya makina, apita onse kwa a Rashidi kutsidya kwa msewu.

Dominic sindingamuuze. Ananena kale kuti makinawa akandikanika, sitolo tibwereketse, ine ndikapume kumudzi. Kumudzi kuli ndani? Amake ali kumanda.

Lachinayi, 23 Novembala
Ndaflasha nambala ya kampani tsiku lonse. Mwaulemu wake, kulira kamodzi n'kudula. Munthu ukamuflasha amaimba, eti? Ngakhale abusa amaimba. Awa ziii.

Foni ndinaikhazika pa thumba la feteleza, chinangwa ndadya ndikuiyang'ana.

Lachisanu, 24 Novembala
A Rashidi akuti, "Achimwene, kampani siiflashidwa. Kumayamba kuyankha makina kumeneko." Ndati amenewo ndi makampani anu, ine ku Lilongwe amandidziwa ndi chifuwa chokha ndikatsokomola. Aseka, abwerera kwa makasitomala awo. Anga aja.

Ndinatsala ndi mbewa. Nayonso yaonda.

Loweruka, 25 Novembala
Ndagula mayunitsi, ndaimba ngati bwana. Makina analankhula mpaka ndevu kumera, kenako Dorika. "Aa, ndinu munatiflasha muja? Timayesa mwana akuseweretsa foni!" Ndati ndimayesa ngati muli maso. Ndavomera zapamwezizo, ndatumiza pafoni pomwepo.

Dinani apa, dinani apo. Akuti magetsi atathima, kompyuta inasokoneza tsiku, imayesa tili chaka china. Basi! Lisiti krrr, kutuluka.

"Pali china, bambo?" Ndinayang'ana sitolo yonse kufuna china chowonongeka. Palibe. Ndinafunsa ngati kutauni mvula yagwa. Akuti yagwa. Kenako anati pali ena akudikira.

Lolemba, 27 Novembala
A kalabu abwerera. Ndajambula lisiti yayitali ngati msewu wa ku Kabudula, ndamutumizira Dominic ndi mawu akuti sitolo ili m'manja mwa katswiri.

Wayankha msanga: "Wakukonzerani ndani, adadi?"

Ndalemba kuti ndekha. Ndafufuta. Foni ikulira, ndi iyeyo.