Singano Isalowe Asanaunike

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ine mwana wanu wachisamba, Esinati, ndalemba kalata ino pofuna kukudziwitsani mwaulemu mmene zinthu zayendera kuno ku Bangwe chikuikireni m'manda zaka zitatu zapitazo. Choyamba, mkazi wa mchimwene wanga Sitefano anabereka mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu. Munda wanu wa m'phiri uja watipatsa chimanga chokwanira, ngakhale kuti akuba anayamba ndi iwo kukolola. Denga likudonthabe pakona pomwe paja. Ntchito yanga yokolopa kuchipatala ndikadali nayo kufikira lero. Za mawa sindikudziwa, ndipo chifukwa chake ndi chimene ndikufotokoza m'munsimu.

Sitefano anadwala chifuwa chachikulu, mpaka madzi anadzaza m'nthiti monga zinachitikira ndi inu. Ankapuma ngati munthu wokwera chitunda atasenza thumba la makala. Atamugoneka, adokotala anabwera ndi singano yaitali yopopera madzi, n'kuyamba kugogoda nthiti zake ndi zala kuti amve pamene pali madziwo. Amayi, nditamva kugogodako ndinakumbukira inu. Inunso anakugogodani chomwecho, singano n'kulasa phapo, ndipo ine ndi amene ndinadinda chala pa fomu yovomereza popanda kufunsa kalikonse. Sindikuwatukwana adokotala a nthawi imeneyo. Analibe maso oonera m'kati mwa munthu.

Koma tsopano maso aja alipo. Ku wodi ya amayi oyembekezera kunabwera makina ounikira, amene amaonetsa mwana ali m'mimba pa kanema. Ndimakolopa chipinda chimenecho m'mawa uliwonse, ndipo ndinamvapo wounikayo akuphunzitsa anzake kuti chakuda chimene chimaoneka mozungulira mwanayo ndi madzi. Choncho ndinati mumtima mwanga: ngati makinawa amaona madzi a m'mimba, angalephere bwanji madzi a m'nthiti?

Fomu ya Sitefano itabwera ndinabisa dzanja m'chitenje. Ndinanena mwaulemu, nditagwada, kuti sindidinda kufikira atamuunika. Asisitere a pa wodiyo anafunsa ngati masiku ano okolopa ayamba kulemba mankhwala. Ena anaseka kuti matipate alowa mpaka m'ndowa yanga. Ndinayankha kuti inde alowa, ndipo kufunsa sikulinso mlandu. Paja inu pogula nsomba ku Limbe munkati, “Usapereke dzanja usanaitembenuze.”

Amene anandivuta koposa ndi amalume a ku Machinjiri. Anakalipa kuti mwamuna wandevu sangagone pa bedi la azimayi apakati, n'zochititsa manyazi mtundu wonse, ndipo anzake okhoma zidebe ku Ndirande adzamufunsa kuti wachira mwana wanji. Sitefano nayenso anatembenukira kukhoma. Ndinamukumbutsa mawu anu akuti manyazi amachita ndi munthu wamoyo. Atamva zimenezi anatsitsa miyendo pa bedi.

Kenaka adokotala aja anavomera kuti tiyese. Ndinamukankha ndekha Sitefano pa chikuku, kudutsa pakati pa mzere wa azimayi, iwo akumufunsa kuti mimbayo ndi ya miyezi ingati. Anamupaka mafuta oterera kumsana, ndipo chakuda chija chinaoneka, koma m'munsi, kumbuyo, osati pamene zala zinaloza poyamba. Adokotala analemba chizindikiro pakhungu ndi cholembera, ine n'kudinda chala. Madzi achikasu anatuluka botolo ndi theka. Tsiku lomwelo anadya nthochi ziwiri, n'kuyamba kukangana ndi amalume za mpira.

Komabe nkhaniyi siinathe. Madzi akubwereranso pang'onopang'ono, ndipo akuti Lolemba adzapopanso. Akuluakulu a chipatala alamula kuti makinawo ndi a azimayi okha, za tsiku lija zisabwerezedwe. Ine andiitana ku ofesi Lachisanu kuti ndikayankhe mlandu wolowerera ntchito za eni. Ndidzapita nditachapa bwino yunifolomu yanga, ndipo sindidzapepesa. Ndidzawapempha kuti andiuze pamaso panga kuti mapapo a mwamuna ndi otchipa kuposa mafuta opaka aja.

Pomaliza, landirani chikondi changa ndi cha adzukulu anu onse. Ndikulonjeza kuti Lolemba m'mawa ndidzaima ndi Sitefano pakhomo la chipinda chounikira chija, kaya ndili pa ntchito kaya atandichotsa, ndipo sitidzasunthapo kufikira atatsegula. Musamukonzere malo kumeneko, sakubwera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati