Dzina la Amayi pa Botolo la Mandimu

Shubra, Cairo

Achemwali anga Wahiba,

Mtendere ukhale nanu. Bondo lija likuvutabe? Nanga alamu, chifuwa chinawasiya? Ine ndili bwino, ndikuthokoza Mulungu, ndipo ntchito ndidakali nayo. Musawaone kuchepa mawu amenewa, chifukwa inatsala pang'ono kutha.

Mukudziwa kuti ndakalambira m'sitolo ya Haji Metwalli, kuviika mandimu mumchere. Masiku ano anthu amagula zimene aona pafoni. Mwana wamkazi wa Haji, Rasha, ankauza kompyuta kuti izilemba mawu otsatsa malonda. Inalemba kuti mandimu athu ndi kukoma kosaiwalika kwa banja lamakono. Tsoka lake, wogulitsa nkhuku patsidya pa msewu analembanso chimodzimodzi, poti onse amafunsa makina omwewo. Ogula anachepa, Haji n'kuyamba kundiyang'ana mmene munthu amayang'anira bulu wokalamba.

Tsiku lina Rasha anabwera kumbuyo komwe ndimagwirira ntchito. Akuti amalume, makinawa sananyambitepo ndimu, ndiuzeni inu kumene munaphunzira. Ndinati andisiye, ine sukulu ndinailawa chabe. Akuti sakufuna mphunzitsi, akufuna nkhalamba yolongolola, ndipo waipeza. Ndinaseka, lilime n'kumasuka. Ndinamuuza za amayi: mmene ankang'ambira ndimu panayi osalilekanitsa, mmene ankayesera mchere poyandamitsa dzira m'madzi, ndi mbama imene ankatipatsa tikapisa dzanja lonyowa mumtsuko. Anafunsa dzina lawo. Achemwali, ndinalitchula.

Mwanayu anakulira m'tauni, sanaonepo cholakwika. Analemba monga ndinanenera, ndi mbama yomwe, ndipo pabotolo lililonse anamata pepala lakuti Mandimu a Sekina. Anthu ayambanso kubwera. Haji wandigulira mpando wotsamira. Mulungu awadalitse onse awiri.

Ndiye achimwene Fawzi anandiimbira. Akuti ndalivula banja, mwamuna satchula dzina la amake pagulu, tsopano anthu aziwatonza nalo kumalo omwera tiyi. Akuti ndichotse dzinalo, apo ayi pa Idi ndisaponde pakhomo pawo. Ndinawayankha kuti kwa iwo n'zosavuta, poti moyo wonse amayi ankatchedwa amake Fawzi, ngati anabereka mmodzi. Fawzi kusukulu, ine Shehata kumunda. Fawzi nyumba ya bambo, Shehata sitima ya ku Cairo. Anadula foni. Sindikudandaula, ndikungokumbutsa.

Koma imvani izi. Lachisanu lapitali kunabwera mayi wina wachikulire amene anaona nkhani ija pafoni. Anawerenga pabotolo, nati Mulungu amuchitire chifundo Sekina, akuti nayenso amayi ake ankamumenya choncho. Ndinathawira kumbuyo n'kunamizira anyezi kuti ndi amene akunditulutsa misozi. Chiwaikireni m'manda, ndani kwathuko anawapemphererapo powatchula dzina lawo lenileni? Kuno anthu osawadziwa akutero tsiku ndi tsiku.

Rasha atamva za achimwene anapepesa kwambiri, nati akhoza kusintha mapepala onse. Ndamuuza kuti asakhudze.

Pempho langa ndi limodzi. Pa Idi ndikubwera ndithu. Ngati chitseko cha achimwene chikhale chotseka, mundiyalire mphasa kwanu, ndipo tikachoka kumapemphero mudzandiperekeze kumanda, ndikawauze amayi ndekha. Chibale ndi fupa, sichiola. Musakangane nawo chifukwa cha ine. Ndidzanyamula mabotolo awiri, lina lanu, lina lawo. Akafuna amatule pepalalo. Mandimuwo adzadya, ndimawadziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ngati akumvabe, kwa ana anu ndi adzukulu onse. Kwa achimwenenso, akalola kulandira.

Ndine mlongo wanu,
Shehata, mwana wa Sekina