Mkamwini Wolima ndi Zala

Mkhumba, Phalombe
11 Novembala, 2007

Okondedwa achimwene a Ephraim,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Joni, inu ndi alamu anga ndi ana. Kuno tadzuka. Amayi mwendo uja ukuwavutabe kukazizira, koma akuyenda. Mwana wanga Hilda wayamba kulankhula, ndipo chithunzi chanu chapakhoma chija amachiloza n'kumati malume.

Mukudziwa kuti ine si munthu wa mawu ambiri. Kalata ino andituma ndi bambo a Hilda, alamu anu a Rodney. Akuti kwa inu mawu a mlongo amalemera kuposa a mkamwini. Ndiyamba ndi zomwe andituma, kenako ndinena zanga.

Kompyuta munatumiza chaka chatha ija ikadali pa Chiringa, m'kachipinda kakuseri kwa golosale komwe kuli magetsi. Poyamba inkagwira ntchito yomwe munanena. Anthu ankabwera kudzalembetsa makalata ndi makadi a ukwati, ndipo kunyumba sitinkasowa sopo.

Kenako kunabwera a Chawezi, alangizi a zaumoyo ochokera ku Rumphi. Iwowa ndi amene anabweretsa sidi ya gemu ya mpira n'kuilowetsa m'kompyutamo. Kuyambira pamenepo, munthu akabwera ndi kalata amauzidwa kuti adikire hafu ya mpirawo ithe. Ena amadikira. Ambiri anasiya kubwera.

Mwezi watha a Chawezi anabwera ndi gemu ya chaka chino kuchokera ku Limbe. Bambo a Hilda akuti imeneyi si yofanana ndi yakale ija. Akuti osewera ake ali ndi nkhope ngati za anthu enieni, thukuta limaoneka, ngakhale udzu wa m'bwalo umagwedezeka. Koma pa kompyuta yathuyi osewerawo akuyenda ngati bilimankhwe. Mpira umaima m'malere, ndipo ukamadzayambanso kuyenda umapezeka uli kale m'golo. Nthawi zina kompyutayo imangolira ngati chigayo n'kuzima yokha.

Awiriwa amakangana tsiku lonse. A Chawezi akuti vuto ndi kachipangizo kam'kati kotchedwa ramu, kuti ndi kochepa mphamvu, komanso akuti gemu yatsopanoyo ndi yakale yomwe ija, angoisintha malaya. Bambo a Hilda akuti wonena zimenezo sanaione pa makina amphamvu. Iwo akuti vuto ndi kadi ya zithunzi, kuti ya m'kompyuta yathuyi ndi nkhalamba. Ndiye andituma kuti ndikupempheni muwagulire kadi ina kumeneko. Dzina lake alemba okha pa kapepala ndaika m'kati muno, chifukwa ine ndikanalakwitsa.

Zawo zathera pamenepo. Tsopano mumve zanga, achimwene.

Munda wa kumtunda uja, womwe amayi anatipatsa titakwatirana, chaka chino alamu anu sanaupondemo. Amadzuka, kusamba, kukwera njinga, ulendo wa ku Chiringa. Mitambo yayamba kale kusonkhana paphiri la Michesi ndipo anzathu anamaliza mizere kalekale.

Ku mjigo amayi amandiseka. A Belita anandifunsa ngati mkazi mnzanga wa ku Chiringa uja amandigawirako masiku. Ena anati ndisadandaule, mitala ya magetsi imatha magetsi akazima. Ine ndinangoseka nawo n'kusenza ndowa yanga isanadzaze.

Amalume a Makina anapita okha ku Chiringa kukaona. Akuti anaima pakhomo nthawi yaitali osalandiridwa, alamu anu maso ali pagalasi. Chigoli chitalowa anawafunsa ngati m'bokosimo mumatuluka chimanga munthu akapambana. Pobwera anauza amayi kuti mbumba yathu inalandira mkamwini wolima ndi zala.

Ndinachita manyazi, ndiye ndinayamba kulima ndekha. Ndinkabereka Hilda n'kupita ndi makasu awiri. Pobwerera ndinkatsamiritsa khasu la alamu anu pakhonde lili ndi dothi laliwisi, kuti odutsa aziti analima m'mawa asanapite. Sizinathandize. Amalume anazungulira mundawo n'kunena kuti mizere ya mkazi wobereka mwana imadziwika, ndi yaifupi ndipo siiwongoka. Sanandikalipire. Anangondiuza kuti ndisadziphe ndi ntchito.

Tsopano atumiza mawu kwa ankhoswe a kuchimuna. Akuti mvula yobzalira ikagwa mundawo usanathe, akhala pansi, ndipo a Rodney atenge mphasa yawo abwerere kwawo. Akuti pamudzi pano mkamwini amadziwika ndi khasu, ndipo simungasunge tambala wosalira chifukwa cha nthenga zake. Amayi sanatsutse.

Alamu anu atamva sanakwiye. Anangoti iwo sadikira kupirikitsidwa ngati galu. Akuti ku Limbe kuli mnzawo wa a Chawezi yemwe ali ndi chipinda cha makompyuta amphamvu, ndipo akufuna munthu woyang'anira. Chikwama chawo anachitsitsa kale padenga. Ndinawafunsa kuti nanga ife. Anati akakhazikika adzatiitana. Achimwene, inu mukudziwa amuna angati a kuno ananena mawu amenewo.

Kenako anati kadi ija ikabwera sapita. Akuti gemuyo ikamayenda bwino anyamata a pa Chiringa azidzalipira kuti asewere, ndipo iwo azilima m'mawa n'kumapita masana. Ndinawayang'ana kumaso pamene ankanena zimenezi. Sankanama, ankakhulupiriradi. Koma ine ndikudziwa kuti sadzalima. Ngati gemu yoyenda ngati bilimankhwe yawaiwalitsa munda, yothamanga idzatani?

Mwina mukuti ndingowasiya apite. Amayi akutero, amalume akutero. Koma munthuyu sanandimenyepo, samwa mowa, ndipo za akazi sindinamvepo. Tsiku lina la msika ndinawapititsira chinangwa chophika. Anandikhazika pampando wawo, n'kugwira zala zanga kuziika pa mabatani. Anandiuza kuti wovala zofiirayo ndi ine, ndithamange. Ndinathamangira kolakwika mpaka kutuluka m'bwalo. Anaseka mpaka misozi, ndipo anandiitana Eve, monga ankachitira tili pa chibwenzi. Kunyumba sanditchula choncho. Kunyumba amangokhala, zala zikudinadina pabondo ngati pali mabatani.

Akamandifotokozera za ramu ndi makadi sindimva kanthu, koma ndimavomera, chifukwa ndi nthawi yokhayo yomwe amalankhula nane kwautali.

Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Mukapanda kutumiza, apita ku Limbe. Mukatumiza, akhala pa Chiringa, munda ugonabe, ndipo amalume achita zomwe anena. Njira zonse ziwiri sindikuonapo banja. Poyamba ndinafuna kukulemberani kuti musatumize, muwauze kuti yasowa. Ndalephera.

Tumizani kadiyo, achimwene. Ngati ndi yodula, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito. Mupatsire munthu wa basi wodalirika, muikulunge bwino chifukwa akuti siifuna chinyezi. Ndipo ngati mungathe, mulembere amalume kuti adikireko chaka chino chokha. Inu amakumverani. Mundawo ndiyesetsa ndekha mpaka pomwe ndingafike.

Sindikupempha chifukwa choti ndikuyembekeza kuti asintha. Kungoti akawachotsa pamudzi pano kadiyo ilipo, sapita patali, azigona m'kachipinda komweko. Ku Chiringa ndimafika wapansi, Hilda ali kumbuyo, n'kuima pakhomo iye n'kuwaona bambo ake. Ku Limbe sindinapondeko.

Amayi musawauze kuti ndapempha ndine.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Bernadette ndi ana onse. Mulungu akusungeni pantchito panu ndi m'misewu ya kumeneko. Mutikumbukire m'mapemphero.

Ndine mlongo wanu,
Eveles